Kodi Ana a Agogo Adapita Kuti?

 Madzulo ano tikamba za anthu amene ambiri a ife timangowapitirira tikamapita kumsika: agogo aja okhala pakhonde la kanyumba kodontha, ndodo ili pambali, maso ali kunjira. Tikawaona timapukusa mutu ndi kunena kuti ana a masiku ano alibe chisoni. Ena alibedi, sitikana. Komatu mlandu umenewu tauweruza msanga, mboni zisanalankhule. Kusungulumwa kwa okalamba m'midzi yathu kuli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi yaitali kuposa moyo wa ana amene tikuwadzudzulawo.

Tiyambe ndi mudzi wa Achewa ndi Amang'anja monga udaliri makolo athu asanadziwe ndalama. Mwamuna akakwatira ankapita kukakhala kwa mkazi, chikamwini, kotero kuti mayi akamakalamba ankakalambira pakati pa ana ake aakazi, zidzukulu zake ndi akamwini amene ankalima m'munda mwa apongozi awo. Nyumba ya agogo aakazi inkatchedwa kuka, ndipo atsikana osakwatiwa ankagona kumeneko. Iwowo ndiwo ankatunga madzi, kutola nkhuni ndi kusonkha moto. Agogo nawo ankawalipira ndi nthano, zilapi ndi malangizo amene mayi sakadatha kuuza mwana wake wobala yekha. Nsima inkadyedwa pamodzi, pa chidyerano, amayi paokha, abambo paokha, ndipo munthu amene mphamvu zogwira mthiko zidamuthera sankagona ndi njala chifukwa cha chimenecho. Munda ukamukulira ankafulula mowa ndi kuitana dima.

Chofunika kuchimvetsa pano ndi chakuti chisamaliro chimenechi sichidali chopempha ayi. Munthu wokalamba adali ndi ntchito. Agogo aamuna ndiwo ankadziwa pamene malire a minda adadutsa, ndiwo ankakhala pabwalo poweruza milandu, ndiwo ankasema mipini ndi kuluka nkhokwe, malichero ndi mphasa. Agogo aakazi ndiwo adali anamkungwi ndi azamba, oumba mbiya, osunga mbewu za maungu ndi mawere m'zikho. Ponena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, makolo sankangokometsa pakamwa. Ankanena za ntchito imene mudzi sukadatha kukhala popanda iyo. Kumpoto, pakati pa Angoni a ku Mzimba, Atumbuka ndi Ankhonde, kumene mkazi ndiye amatengedwa kupita kwa mwamuna, okalamba ankadalira ana aamuna ndi akazi awo. Njira zidali ziwiri, koma maziko adali amodzi: manja a achinyamata adayenera kukhala pafupi.

Tisanamizane kuti kale zonse zidali bwino. Nkhalamba yopanda mwana idali pa mavuto ngakhale masiku amenewo. Pa nthawi ya nkhondo ndi ya malonda a akapolo, amene sakadatha kuthamanga ankasiyidwa m'mabwinja. Ndipo imfa ikagwa pamudzi, chikho cha mwavi kawirikawiri chinkalunjika kwa okalamba omwewo. Nkhani ya mwaviyi tiibwereranso.

Chidayamba kumasula mfundo imene idamanga agogo ndi ana awo ndi msonkho. M'zaka za m'ma 1890, mu ulamuliro wa Harry Johnston, boma la atsamunda lidakhazikitsa msonkho wa nyumba, masheleni atatu pa chaka. Sheleni samera m'munda wa mapira. Ofuna kukhoma msonkho adayenera kukagwira ntchito kwa mzungu, ena pa thangata m'minda ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, ena kutali kwambiri. Mu 1903 bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku Johannesburg, limene anthu adalitcha Wenela, lidayamba kutenga amuna m'dziko muno. Pambuyo pake padabwera Mthandizi, wotengera anthu ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ndiponso magalimoto a Ulere. Ochuluka zedi sankadikira n'komwe kulembedwa. Ankangonyamuka pansi, ulendo wa selefu, kuwoloka Zambezi ndi kamba wa ufa pamutu. Mu 1935 komiti imene boma lidaika kuti ifufuze nkhaniyi idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndiye kuti mwa amuna anayi alionse mmodzi adali atachoka, ndipo idachenjeza kuti ambiri a iwo sadzabwereranso. Anthu osabwererawo ndiwo matchona.

Taganizirani, omvera, tanthauzo la chiwerengero chimenechi pakhomo pa mayi wokalamba wa ku Mzimba, ku Nkhata Bay kapena ku Dowa. Wofolera denga palibe. Wogwetsa mitengo potsegula mphanje palibe. Nkhokwe ikapendama imagwa. Ntchito zonse zidatsalira akazi ndi nkhalamba, ndipo munda udayamba kuchepa chaka ndi chaka molingana ndi mphamvu za otsalawo. Zoona, ena ankatumiza ndalama, ndipo obwerera ankafika ndi mabulangete, njinga ndi makina osokera. Nyumba zambiri zamalata zoyamba m'midzi zidamangidwa ndi thukuta la ku Joni. Koma kuyambira pamenepo ukalamba wabwino udayamba kudalira chinthu chachilendo: kalata. Amene mwana wake ankalemba ankadya. Amene mwana wake adatchona ankayang'ana kunjira.

Mayeso aakulu adafika mu 1949. Mvula idayamba bwino kumapeto kwa 1948, kenaka idadula mbewu zili zanthete, ndipo njala idagwa koopsa m'chigawo cha kummwera, makamaka m'boma la Blantyre, madera a ku Lunzu ndi Lirangwe. Mayi wina wolemba mbiri, Megan Vaughan, adayenda m'midzi imeneyi kufunsa amene adaiona njalayo ndi maso, ndipo buku lake lidatuluka mu 1987. Zimene adamva kwa amayi n'zomvetsa chisoni. Amuna ambiri adapita kokasuma ku Ntcheu, ku Neno ndi ku Mwanza, ena osabwerera, atakwatira komweko kumene kudali chakudya. Chidyerano chidatha, banja lililonse lidayamba kudyera m'nyumba, chitseko chili chotseka. Chimanga chimene boma lidabweretsa chidali chogula kwa ambiri, ndipo amene adali pa ntchito yolipidwa ndiwo adali patsogolo. Boma litatsegula misasa yodyetserako anthu ofooka kumayambiriro kwa 1950, odzaza m'misasamo adali ana, amayi osiyidwa ndi okalamba, ndipo pakati pa akufa ambiri adali ana aang'ono ndi nkhalamba. Njalayo idaonetsa poyera kuti chakudya chikayamba kuyendera ndalama, munthu wopanda mphamvu yogulitsa amakhala womalizira pamzere, ngakhale akhale mwini mudzi.

Ufulu wa 1964 sudaletse ulendo wa kumigodi. Udachita kukula, kotero kuti pofika mu 1973 Amalaŵi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndi kupha Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyo idayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, kapena kuti Theba monga timatchulira, koma ndi anthu ochepa, ndipo idathera mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a anthu ofuna ntchito. Anyamata a nthawi imeneyo ndiwo agogo a lero. Ambiri adabwera ndi fumbi la miyala m'mapapo, matenda amene madokotala amawatcha silicosis, amene amabisala zaka zambiri kenaka n'kuyamba kumubanika munthu ndi kumutsegulira khomo la chifuwa chachikulu. Mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza mgwirizano woti makampani a migodi ya golide apereke marandi 5 biliyoni kwa odwala matendawa ndi mabanja awo, kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust. Pamene chigamulochi chinkaperekedwa, zaka zoposa 30 zidali zitapita chitsekereni Theba. Ambiri oyenera kulandira adali kale kumanda, ndipo otsala adafunsidwa mapepala amene chiswe chidadya kalekale.

Nanga matchona aja adathera kuti? Funso limeneli sitilifunsa kawirikawiri, chifukwa timawaona ngati anthu amene adalakwira makolo awo. Koma nawonso adakalamba. M'mapulazi ndi m'migodi ya ku Zimbabwe adakhazikitsa magulu othandizana pa maliro, adavina gule wamkulu, adamanga mipingo ndi mizikiti, koma sadapeze chinthu chimodzi chimene chimasunga munthu wa kumudzi paukalamba, ndicho munda wa makolo. Nyumba idali ya bwana. Ntchito ikatha, nyumba yatha. N'chifukwa chake m'nyumba zosungira okalamba za ku Harare ndi Chitungwiza, monga ya ku Highfield ndi ya Bumhudzo, mwakhala mukupezeka amuna ambiri ochokera ku Malaŵi, Mozambique ndi Zambia. Kulandidwa kwa mapulazi a azungu kuyambira mu 2000 kudasiya antchito ambiri okalamba opanda pogona, ndipo lamulo la unzika la 2001 lidachititsa ana awo obadwira komweko kuyesedwa alendo, kufikira malamulo aakulu a dzikolo a 2013 atakonzako zina. Mtchona wokalamba kwawo amakukumbuka, dzina la mfumu ndi la mtsinje amalitchula bwinobwino, koma amaopa kubwerera chimanjamanja kumudzi kumene adamulira kale maliro. Motero ulendo umodzi udabala nkhalamba ziwiri zosungulumwa: mayi wotsala kuno, ndi mwana wake patapita zaka makumi anayi kutsidyako.

Tsono lidafika tsoka limene lidatembenuza zonse. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'dziko muno adapezeka mu 1985, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri matendawa adasesa anthu a msinkhu wapakati, aphunzitsi, asilikali, amalonda, alimi, omwe aja amene makolo adawagulitsira mbuzi kuti aphunzire. Migodi inkatenga amuna okha, ndipo ena ankabwerera. Edzi idatenga amuna ndi akazi omwe. Odwala a m'tauni ankabwezedwa kumudzi kuti akafere m'manja mwa amayi awo, ndipo mayi wa zaka 70, amene adayenera kutungiridwa madzi, ndiye ankasenza ndowa, kuchapa zofunda ndi kuphika phala, kenaka n'kutsala ndi ana amasiye asanu kapena asanu ndi awiri. Kuka adadzazanso ndi ana, koma mosiyana ndi kale: tsopano kudalibe mkamwini wolima kapena mwana wamkazi wobweretsa nsima. Njala ya 2002 idapeza makomo ambiri ali otero. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo maliro adachepa. Koma amene adaika ana awo chakachi chisanafike palibe chidawabwerera. Ine ndimati dziko lino lili ndi ngongole kwa agogo aakazi a zaka zimenezo imene silinayambe n'komwe kuiwerengera. Ana amene adawalera adakula, ndipo poti minda yachepa, ambiri alowera ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Johannesburg komwe kuja. Agogo atsala okha kachiwiri.

Pa nthawi yomweyi ntchito zakale za okalamba zakhala zikuchoka m'manja mwawo imodziimodzi. Nzeru za ulimi zidapita kwa alangizi, milandu yambiri kukhoti, malangizo kusukulu ndi kumpingo, nthano ku wailesi ino imene mukumverayi. Mu 2007 boma lidaletsa azamba kubereketsa amayi m'midzi, pofuna kuchepetsa imfa za uchembere. Zambiri mwa zosinthazi zidali ndi zifukwa zomveka, ndipo sindikupempha kuti tibwerere m'mbuyo. Ndikungonena kuti munthu amene sapemphedwanso kanthu amayamba kuoneka ngati katundu, ngakhale kwa iye mwini.

Zipatala zathu nazo zidamangidwa ndi maso pa mayi ndi mwana, ndipo m'pomveka, pakuti kumeneko ndiko imfa zidali zochuluka. Koma matenda a ukalamba ndi a mtundu wina: kuthamanga kwa magazi, shuga, nyamakazi, kufa kwa ziwalo, kugontha, ng'ala. Sapha tsiku limodzi, ndipo amafuna mankhwala mwezi ndi mwezi. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, monga akhala akuchitira kwa zaka zambiri ku chipatala cha Nkhoma ndi ku chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre, komabe m'midzi muli agogo amene akhala mumdima zaka zisanu poganiza kuti khungu ndi gawo la ukalamba, kapena posowa wowaperekeza ndi ndalama ya kabaza. Mtunda umene mnyamata amauyenda ola limodzi, kwa munthu wa mawondo otupa ndi ulendo wosatheka.

Tibwerere tsopano ku chikho cha mwavi chija. Mu 1911 boma la atsamunda lidakhazikitsa lamulo loletsa kumwetsa mwavi ndi kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo lamulolo lakhala m'mabuku zaka zoposa 100. Mwavi udazilala, koma chala choloza sichidapindike. Cha m'ma 2010 kudadziwika kuti m'ndende zathu mudali okalamba ambiri, makamaka amayi, amene makhoti adawamanga pa mlandu wodzionetsa ngati mfiti, kawirikawiri pa umboni wa ana aang'ono. Lamulo loikidwa kuti liwateteze ndilo lidawatsekera. Bungwe lotsogozedwa ndi a George Thindwa lidalimbana nayo nkhaniyi kufikira ambiri atatulutsidwa. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga m'boma la Neno, mphezi itapha mtsikana wa zaka 17, anthu okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe. Dziko lonse lidadzidzimuka, koma kuphedwa kwa okalamba sikudathere pamenepo.

Omvera, sindikufuna kutsutsana nanu za ufiti usiku uno. Aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. Ndikungopempha kuti tione amene chala chimamuloza. Sichiloza agogo amene mwana wawo amabwera ndi galimoto pa Khirisimasi. Chimaloza mayi wamasiye wogona yekha, amene alongo ake, ankhoswe omuimira pabwalo, adatha kufa. Amene maso ake adafiira ndi utsi wa zaka makumi asanu ndi limodzi za pamafuwa. Amene adaika ana ake onse iye n'kutsala, ndipo anthu akufunsa kuti watsala bwanji. Nthawi zina amakhalanso ndi munda wachonde umene wina akuusirira. Palinso matenda a ubongo a paukalamba, amene madokotala amawatcha dementia, amene amachititsa munthu kuiwala mayina a ana ake, kulankhula zosamveka, kuvomera chilichonse chimene wafunsidwa, ndi kutuluka usiku osadziwa kumene akupita. Mayi wotere akapezeka m'bandakucha kuseri kwa nyumba ya eni, nsalu itagwa, anthu amati wagwa m'lichero. Akadakhala ndi mdzukulu wogona naye ku kuka, akadamugwira dzanja pakhomo pomwe ndi kumubwezera pamphasa, ndipo mudzi sukadamva kanthu.

Boma lidachedwa kulowa m'nkhaniyi, chifukwa kuyambira nthawi ya atsamunda maganizo adali akuti munthu wakuda penshoni yake ndi mudzi wake. Maganizo amenewa adali okomera olemba ntchito, pakuti mgodi unkadya mphamvu za mnyamata ndi kubweza nkhalamba kumudzi kuti akaisunge ena. Penshoni idali ya ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani owerengeka. Lamulo la 2011 lidakakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo penshoni, koma kalembera wa 2018, amene adapeza anthu 17.5 miliyoni, adaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse 84 amakhala kumudzi, ndipo khasu silidula penshoni. Mayiko ena a kuno kwathu adasankha kupatsa ndalama munthu aliyense wofika msinkhu wakutiwakuti: Botswana idayamba mu 1996, Lesotho mu 2004, ndipo abale athu a ku Katete m'dziko la Zambia adayesako njira yotere kuyambira mu 2007. Kuno tidatenga njira ina. Mtukula Pakhomo adayamba moyesera m'boma la Mchinji mu 2006, ndipo pofika mu 2018 adali atafika m'maboma onse 28. Adakonzedwa kuti afikire makomo khumi mwa makomo 100 alionse, osaukitsitsa ndi opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo poti makomo otere ambiri ndi a agogo olera ana amasiye, okalamba ochuluka apumirako. Ndalamayo ndi yochepa, koma yagula ufa, sopo, yunifolomu ya mdzukulu, pena ndi kambuzi. Vuto lake ndi la mzere wodulira: m'mudzi mmene nkhalamba zosauka zilipo khumi, zolembedwa zimakhala zitatu, ndipo zotsalazo zimayang'ana anzawo akupita kokalandira.

Mu 2016 boma lidatulutsa ndondomeko ya dziko yokhudza anthu achikulire, imene imawerenga munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo kukhala wachikulire, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, patapita zaka zambiri mabungwe owaimira, pansi pa mgwirizano wa MANEPO, akulipempha. Kuchokera pa msonkho wa Johnston kufika pa lamuloli padutsa zaka pafupifupi 130. Lamulo likhoza kulanga womenya nkhalamba ndi wolanda munda wake, ngati apolisi amva msanga ndipo mboni zalimba mtima. Kufolera denga mvula isanagwe, kuperekeza agogo ku Nkhoma kukachotsa ng'ala, ndi kupeza mwana wogona nawo usiku, zimenezo m'midzi yambiri zatsalira amayi a mvano ndi a chigwirizano, magulu a m'mizikiti, ndi mnansi amene iye mwini tsitsi layamba kuyera.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Amene mwamvera pamodzi ndi agogo pafupi, afunseni chaka chimene mwana wawo woyamba adachoka pamudzi, ndi kumene adalowera. Gonani bwino.